Kodi chomera tingachifotokoze bwanji kuti munthu amene sanachionepo achizindikire?

Funso: Ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale kufupi ndi Bangula, ndipo ndimatsogolera kalabu ya ophunzira yoona za chilengedwe. Tinayamba kulemba mitengo ndi zitsamba za m'nkhalango ya mudzi woyandikana nafe, koma takumana ndi mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti maina akusiyana, moti mtengo umene ife timautcha mtondo, mnzanga wochokera kumtunda akuti si mtondo umene iye amaudziwa. Lachiwiri ndi lakuti mabuku ozindikirira zomera adzaza mawu monga pinnate, stipule ndi glabrous, amene ana sakuwamva. Kodi mawu ofunikadi ndi ati, ndipo kodi n'zotheka kufotokoza chomera m'Chichewa popanda kusokoneza?

Yankho: Aphunzitsi, n'zotheka ndithu, ndipo pa nkhani ya mtondo nonse awiri mukunena zoona. Mtondo wa kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje, wobereka matondo achikasu a mnofu aja, akatswiri amautcha Cordyla africana, pamene m'madera ena akumtunda dzina lomweli limapita kwa mtengo wa m'nkhalango za miombo wa mtundu wa Julbernardia, wobereka makoko ouma amene amathetheka n'kumwaza njere zake. Dzina limathandiza anthu amene anakulira dera limodzi, koma mukangokwera zitunda za Thyolo limatha kutera pa mtengo wina. N'chifukwa chake munthu wolemba zomera amayenera kulemba dzina la m'deralo pamodzi ndi maonekedwe a chomeracho, kuti wowerenga wakutali akhale ndi chogwira.

Mawu amene akuvutitsa anawo ndi njira yachidule yonenera zimene maso akuona kale. Glabrous akungotanthauza kuti pamwamba pa chiwalocho palibe cheya, basi. Mphamvu ya mawu amenewa ili pa pangano lakuti liwu lililonse lizitanthauza chinthu chimodzi chokha kwa aliyense. Carl Linnaeus wa ku Sweden ndiye anakhazikitsa mu 1753 njira yotchulira chomera ndi maina awiri, ndipo kuyambira 1935 mpaka kumapeto kwa 2011 aliyense wolengeza chomera chatsopano ankayenera kuchifotokoza m'Chilatini, kufikira mu 2012 pamene Chingerezi chinaloledwanso. Pangano la matanthauzo a mawu lija ndilo linatheketsa kuti zomera zouma zimene dokotala John Kirk anatola m'chigwa chino, pamene ankakwera mtsinje wa Shire ndi David Livingstone mu 1859, zifotokozedwe ku malo ofufuzira zomera a Kew ku London ndi anthu amene Shire sanamuonepo. Chichewa chili ndi mawu okwanira ntchito imeneyi. Chimene chimatisokoneza n'chakuti m'kulankhula kwa tsiku ndi tsiku timalola liwu limodzi kusenza zinthu zingapo: chilichonse cha pansi pa nthaka timati muzu, chilichonse chobiriwira ndi chopyapyala timati tsamba, chilichonse chobaya timati munga. Ntchito yanu ndi ana anuwo ndi kulekanitsa zimene mawu amenewa anaphatikiza.

Zoyambirira sizivuta. Lembani ngati chomeracho ndi mtengo wa thunthu limodzi, chitsamba cha matsinde angapo ochokera pansi, chomera chofewa chosakhala ndi thabwa, choyanga kapena udzu. Yerekezani kutalika kwake m'mamita, ndipo ngati ndi mtengo yezani kuzungulira kwa thunthu pa msinkhu wa mamita 1.3 kuchokera pansi, chifukwa pamenepo ndi pamene oyeza nkhalango anagwirizana. Za khungwa nenani ngati ndi losalala, losweka m'mizere yoima, losweka m'timagawo kapena lofunduka, kenaka thyolani katsonga ka nthambi muone chimene chikutuluka: madzi, utomoni womata, kapena madzi oyera ngati mkaka monga a nkhadze ndi mkuyu. Muwaletse ana kulawa kapena kugwira m'maso akatero, pakuti madzi a nkhadze amawononga maso ndipo khungwa la mwabvi limapha.

Phunziro lofunika kuposa onse liyambireni pa nzimbe, imene mwana aliyense wa kufupi ndi Nchalo amaidziwa. Pa nzimbe pali mfundo, ndipo pakati pa mfundo ziwiri pali mpata wosalala umene timatafuna. Mukayang'anitsitsa mfundo imodzi mupeza zinthu zitatu: chipsera chozungulira pamene panali tsamba, diso limodzi limene lidzaphuke nzimbeyo ikabzalidwa, ndi mzere wa timadontho mmene mudzatuluke mizu. M'mabuku mfundo ndiye node ndipo mpata uja ndi internode. Chiwalo chilichonse chokhala ndi mfundo ndi maso ndi tsinde, kaya chili pamwamba kaya chili pansi pa nthaka, pamene muzu ulibe mfundo ndiponso subereka masamba. Mukagwiritsa ntchito lamulo limeneli mupeza kuti mbatata ya kachewere ndi tsinde lotupa, popeza ili ndi maso oyalidwa mwadongosolo, koma chinangwa ndi mbatata ya kholowa ndi mizu yotupa, ndipo n'chifukwa chake mlimi wa chinangwa amabzala mtengo wake osati chimene wakumba. Nyika, imene anthu a m'mbali mwa madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi amakafukula m'madzi chaka cha njala, ndi tsinde lokhala m'matope limene limatumiza masamba ndi maluwa pamwamba pa madzi. Anyezi ndi maphata a masamba okutana pa katsinde kakafupi kwambiri, ndipo chimene timachitcha thunthu la nthochi ndi mbali za m'munsi za masamba zimene zakulungana, tsinde lenileni lili pansi.

Diso lomwelo ndilo limathetsa funso limene limagwetsa ophunzira ambiri, loti tsamba limayambira pati ndi kuthera pati. Tsamba lathunthu lili ndi phesi loligwiriziza ku nthambi, limene mabuku amati petiole, ndi mbali yotambasuka yokhala ndi mitsempha. M'khwapa mwa tsamba lenileni, pamene phesi lakumana ndi nthambi, mumakhala diso nthawi zonse, ngakhale litachepa chotani. Mukafunsa mwana kukula kwa tsamba la bwemba, adzathothola kachidutswa kamodzi kosakwana masentimita 3, koma muuzeni afunefune diso paphata pa kachidutswako ndipo sadzalipeza. Akatsika ndi chala mpaka pamene msana wonyamula tizidutswa tonseto walowa mu nthambi, diso adzalipeza pamenepo. Choncho tsamba limodzi la bwemba ndi msana wonsewo ndi timasamba take, timene kawirikawiri timakhala m'magulu a tiwiritiwiri 10 mpaka 18. Ndikukulangizani kuti m'kalabu mwanu mupangane kuti liwu loti katsamba, ndi timasamba tikachuluka, muziligwiritsa ntchito pa zidutswa zopanda diso zokhazokha, ndipo tsamba laling'ono koma lathunthu muzingoti tsamba laling'ono. Kulekanitsa kumeneku kukasowa, zonse zolembedwa pambuyo pake zimasokonekera, chifukwa wowerenga sadziwa ngati muyezo umene mwapereka ndi wa tsamba kapena wa katsamba.

Mukadziwa kuti tsamba ndi logawika, funso lotsatira ndi lakuti lagawika motani, ndipo mitengo ya m'chigwa chino imapereka zitsanzo zonse. Timasamba ta mlambe, timene timakhala 5 mpaka 7 pa mtengo waukulu, tonse timachokera pamalo amodzi kunsonga kwa phesi monga zala za dzanja, ndipo uku ndiko kugawika kumene mabuku amati digitate kapena palmate. Chenjerani ndi mbande za mlambe, chifukwa masamba ake oyamba amakhala osagawika, moti anthu ambiri amaudutsa mlambe waung'ono osauzindikira. Kugawika kwa bwemba, kumene timasamba timandandalikana mbali ziwiri za msana umodzi, ndiko pinnate amene munafunsa uja. Pamenepa yang'anani kunsonga: bwemba amathera pa timasamba tiwiri, pamene mvunguti umathera pa katsamba kamodzi kopanda kanzake, ndipo kusiyana kumeneku kumalembedwa nthawi zonse. Tsamba la msangu lagawika kawiri, kutanthauza kuti msana waukulu ukunyamula timisana ting'onoting'ono ndipo timasamba tili pa timisanato, pamene la cham'mwamba, chimene kuno ambiri amati sangowa, limagawika mpaka katatu, moti zimene amayi amapulula pokonza ndiwo ndi timasamba, tsamba lenileni likhoza kutalika kuposa masentimita 40.

Chitsanzo chimene ndimachikonda pophunzitsa ndi cha tsanya ndi chitimbe, chifukwa patali masamba ake amaoneka ngati apachibale. Tsamba la chitimbe ndi limodzi lokhuthala lolowa mphako kunsonga, mbali zake ziwiri n'zolumikizana, choncho ndi losagawika. La tsanya, mtengo umene umadzaza madera ouma a ku Mwabvi ndi ku Lengwe, lili ndi timasamba tiwiri tosiyana tokumana pa phesi pokha, timene timapindana dzuwa likaswa mtengo, ndipo mukatitikita m'manja timatulutsa fungo lamphamvu la utomoni. Munthu akalemba kuti tsamba la mbali ziwiri, mitengo yonse iwiri yalowamo. Akalemba kuti timasamba tiwiri, wasankha tsanya.

Kuwerenga magawo a tsamba kumatetezanso moyo. Nimu, amene anabzalidwa m'midzi ndi m'misewu ya Ngabu, Bangula ndi Nsanje chifukwa chopirira chilala, anthu ena amamusokoneza ndi mtengo wa indiya, umene akatswiri amautcha Melia azedarach. Tsamba la nimu lagawika kamodzi, timasamba take ndi tokhota ta mano m'mphepete, maluwa ake ndi oyera ndipo zipatso zake ndi zotalikirapo. Tsamba la indiya lagawika kawiri, maluwa ake ndi otuwa mwa pepo, ndipo zipatso zake zozungulira, zimene zimakhalitsa mumtengo masamba atayoyoka, zili ndi poizoni kwa anthu ndi ziweto, makamaka nkhumba. Popeza mabanja ambiri amathyola nimu pa ntchito zosiyanasiyana zapakhomo, mwana wodziwa kufunsa kuti tsamba ili lagawika kangati wapindula ndi chinthu chimene adzachigwiritse ntchito moyo wake wonse.

Zotsala za tsamba zimayenda mofulumira, bola zilembedwe mu dongosolo lomwelo nthawi zonse. Nenani ngati pa mfundo iliyonse pali tsamba limodzi mosinthana mbali, awiri moyang'anana monga a gwafa, kapena atatu ndi kuposerapo mozungulira monga zimakhalira kawirikawiri pa mvunguti. Yezani utali ndi mulifupi ndi rula pa masamba angapo okhwima, mupereke waung'ono ndi waukulu womwe, chifukwa mawu oti lalikulu sauza munthu kanthu. Fotokozani nsonga, phata ndi mphepete, ngati ndi yosalala, ya mano, ya mafunde kapena yolowa mkati kwambiri monga ya nsatsi ndi papaya. Mitsempha imatha kuchokera pa mtsempha umodzi wapakati monga ya mango, kuchokera ingapo paphata monga ya masau amene ali ndi mitsempha ikuluikulu 3, kapena kuyenda mondandalikana osakumana monga ya chimanga. Tsamba mulitembenuze nthawi zonse, pakuti kunsi kumabisa zambiri: kwa masau kuli cheya choyera chothinana pamene pamwamba pake ndi posalala ndi ponyezimira, ndipo pa thonje pali timadontho takuda tosunga mankhwala otchedwa gossypol amene amateteza mbewuyo ku tizilombo tina. Ngakhale phesi lili ndi chonena. La namasupuni, chomera chochokera ku South America chimene chimatseka madzi a Shire, limatupa n'kudzaza mpweya, ndipo ndilo limachiyandamitsa.

Stipule amene munafunsa ndi timakutu tiwiri timene zomera zina zimakhala nato paphata pa phesi, kuno kamodzi uko kamodzi. Pa thonje ndi topyapyala ndipo timagwa msanga, pa mkuyu timakuta diso la kunsonga kenaka n'kugwa kusiya chipsera chozungulira nthambi, ndipo pa mitengo ina timauma n'kusanduka minga. Apa ndi pamene liwu loti munga liyenera kugawidwa patatu molingana ndi kumene mungawo wachokera. Minga ya msangu, iwiriiwiri yowongoka paphata pa tsamba lililonse, ndi timakutu tija tasanduka, ndipo ya masau ndi chimodzimodzi kupatula kuti wina ndi wowongoka wina wokhota. Minga ya phingo ndi nthambi zenizeni zazifupi zimene zasongoka, n'chifukwa chake mumatha kupeza masamba atamera pa mungawo. Ya mthethe ndi ya mkunkhu imamera pakhungu la nthambi ndipo ndi yokhota ngati mbedza, ndipo pa mkunkhu wokalamba imakhala pamwamba pa ziphuphu zikuluzikulu za pathunthu. Mitengo yamingayi ikusonyezanso kuti ngakhale maina a sayansi amasintha. Msangu mabuku akale amautcha Acacia albida koma lero ndi Faidherbia albida, ndipo kuchokera pa chigamulo cha msonkhano wa akatswiri a zomera wa ku Vienna mu 2005, chimene chinatsimikizidwa ku Melbourne mu 2011, mitengo ya mu Africa imene inkatchedwa Acacia inagawidwa m'magulu a Vachellia ndi Senegalia, ndipo chimodzi mwa zolekanitsira maguluwa ndi mtundu wa munga womwewu.

Udzu uli ndi mawu akeake, ndipo musaunyozere poti wonse umaoneka wofanana. Tsamba la udzu lilibe phesi. Lili ndi mbali ya m'munsi yokuta tsinde ndi mbali yotambasuka, ndipo pamene ziwirizi zakumana pamakhala kalilime kopyapyala kapena mzere wa cheya, kamene mabuku amati ligule. Kachiwalo kameneka n'kothandiza kwa alimi a mpunga a ku Muona ndi ku Nkhate, chifukwa udzu wa mtundu wa Echinochloa umene umamera m'minda ya mpunga umafanana kwambiri ndi mpunga ukadali wanthete. Mpunga uli ndi kalilime kakatali ndi timakutu tiwiri ta cheya togwira tsinde, pamene udzu wovutitsa kwambiri wa mtunduwu ulibe zonse ziwiri, choncho mlimi akhoza kuuzula usanatulutse ngala. Pendaninso tsinde pakati pa zala: la udzu weniweni monga bango, mapira ndi mchewere ndi lozungulira ndipo lili ndi mfundo, pamene la dawe ndi gumbwa lili ndi mbali zitatu ndipo mfundo sizioneka, kusonyeza kuti zimenezi ndi za banja lina.

Duwa ndilo chiwalo chimene akatswiri amachidalira kwambiri pogawa zomera m'mabanja, chifukwa masamba amasintha ndi mthunzi, madzi ndi msinkhu wa mtengo koma kapangidwe ka duwa sikasinthasintha. Poyambira pabwino ndi duwa la thonje, poti ndi lalikulu ndipo limapezeka m'minda yambiri ya kuno. Kuyambira kunja mupeza masamba atatu obiriwira a mano okuta duwa lonse, amene si mbali ya duwa lenileni koma masamba osandulika otchedwa bract. Mkati mwake muli kachikho kobiriwira kogwira duwa paphata, kenaka masamba a duwa 5 amene amatseguka ali otuwa mwachikasu n'kusanduka ofiirira tsiku lotsatira. Pakati pali ziwalo zachimuna zambiri, chilichonse chili ndi kathumba ka mungu kunsonga, ndipo zonse zalumikizana kupanga chipilala chobowoka. Mkati mwa chipilalacho mwadutsa khosi la chiwalo chachikazi, limene kumtunda lili ndi mutu wolandira mungu ndipo kumunsi lili ndi kathumba kamene kadzasanduke chipatso. Ana akatsegulanso duwa la therere lobala adzapeza chipilala chomwecho, ndipo akatola duwa loyera la mlambe, limene limalendewera chozondoka, kutseguka madzulo ndi kuchezeredwa ndi mileme usiku, adzachipezanso. Adzakhala atadzionera okha chifukwa chimene thonje, therere ndi mlambe zinaikidwira m'banja limodzi ngakhale kukula kwake kuli kosiyana kotheratu.

Pa duwa lililonse werengani masamba ake, onani ngati ali olekana kapena olumikizana monga a mbatata ya kholowa, werengani ziwalo zachimuna ngati zili zosakwana 20, ndipo onani ngati kathumba ka chipatso kali mkati mwa duwa kapena kunsi kwake monga pa duwa lachikazi la dzungu, limene limabadwa lili ndi kadzungu kale. Funsaninso ngati ziwalo zachimuna ndi zachikazi zili m'duwa limodzi. Pa chimanga zili pa chomera chimodzi koma malo osiyana, ngayaye kumtunda zikupereka mungu ndipo ndevu iliyonse ikutsogolera ku njere imodzi, n'chifukwa chake ng'amba ikagwa nthawi ya ngayaye chitsononkho chimatuluka cha magweru. Pa mgwalangwa, mfula ndi mapapaya ambiri, mtengo wina ndi wamwamuna wina wamkazi, ndipo wolemba ayenera kunena kuti waona uti. Chenjezo lina ndi lakuti si chilichonse chooneka ngati duwa limodzi chimene chili limodzi. Mutu wa mpendadzuwa kapena wa chisoso ndi khamu la timaluwa tambirimbiri, timipira tachikasu ta mitengo ina yaminga n'chimodzimodzi, ndipo mkuyu umene anthu amati suchita maluwa umawabisa mkati mwa nkhuyu, mmene timavu ting'onoting'ono timalowa kudzera pa kabowo ka kunsonga kukafalitsa mungu.

Kwa katswiri wa zomera chipatso ndi kathumba kaja kakakhwima, kaya n'kodyedwa kaya ayi, moti khoko la nandolo ndi chipatso, chimene chimaphulika n'kutulutsa thonje m'zipinda zake 4 kapena 5 ndi chipatso, ndipo ulusi wa thonjewo ndi cheya chomera pakhungu la njere. Mtedza nawo ndi chipatso ngakhale timachita kukumba, chifukwa duwa lake limachita pamwamba kenaka kathumba kake kamakankhidwira m'nthaka ndi kamsomali kamene kamamera duwa likafota. Mafunso atatu amakwanira: chipatsocho ndi chouma kapena cha mnofu, chimang'ambika chokha kapena ayi, ndipo muli njere zingati. Khoko la tsanya ndi lophwatalala, silimang'ambika ndipo lili ndi njere imodzi yomata. La msangu ndi lofiirira lopotana ndipo limagwa losatseguka, mbuzi ndi ng'ombe n'kumatola. La cham'mwamba ndi lalitali la mbali zitatu ndipo njere zake zili ndi mapiko atatu.

Tikaziika pamodzi, mtengo wa masau woyezedwa pabwalo la sukulu ukhoza kulembedwa motere. Mtengo waung'ono wotalika mamita pafupifupi 6, nthambi zoweramira pansi, mphukira za cheya choyera. Masamba osagawika, osinthana mbali, obulungira motalikirapo, masentimita 3 mpaka 6 m'litali, mitsempha ikuluikulu 3 yochokera paphata, mphepete ya mano aang'ono kwambiri, pamwamba posalala, kunsi kwa cheya choyera. Minga iwiriiwiri paphata pa phesi, wina wowongoka wina wokhota. Maluwa aang'ono obiriwira mwachikasu, m'timagulu m'khwapa mwa masamba, masamba a duwa 5. Chipatso chobulungira cha mnofu, nthangala imodzi yolimba mkati. M'ndime imeneyi mulibe liwu limodzi lachilendo, komabe katswiri aliyense woimva adzafika pa mtundu wa Ziziphus mosakayika. Mawu a m'mabuku ana aziwaphunzira pang'onopang'ono, aliyense atagwira kale chiwalocho m'manja, popeza adzawafuna pamayeso komanso potsegula mabuku a Flora Zambesiaca, amene anayamba kutuluka mu 1960 ndipo amafotokoza zomera za Malawi ndi maiko oyandikana nafe.

Pa zomera zimene zakukanikani, konzani chitsanzo chouma. Dulani nthambi yosapitirira masentimita 40 yokhala ndi masamba athunthu pamodzi ndi duwa kapena chipatso, ndipo ngati ndi udzu kapena chomera chofewa muzule ndi mizu yomwe. Muiyale pakati pa nyuzipepala tsamba limodzi mutalitembenuza kuti kunsi kuzioneka, mupanikize ndi matabwa ndi njerwa pamthunzi podutsa mphepo, ndipo muzisintha mapepalawo tsiku lililonse, makamaka m'nyengo yadzinja pamene chinyezi cha m'chigwa chimabweretsa nkhungu msanga. Zimene zimatayika chomera chikauma zilembedwe pomwepo m'tchire: mtundu wa duwa, fungo, madzi otuluka, kutalika kwa mtengo, mtundu wa nthaka, mudzi ndi mfumu yake, tsiku, dzina la m'deralo ndi chilankhulo chake, kaya Chimang'anja kaya Chisena. Tsiku ndi lofunika chifukwa msangu umayoyola masamba m'dzinja n'kuphukira m'chilimwe, mosemphana ndi mitengo inzake, moti kulemba kuti unalibe masamba kumakhala ndi tanthauzo pokhapokha mwezi utadziwika. M'malo otetezedwa monga Lengwe, Majete ndi Mwabvi simuloledwa kuthyola kanthu popanda chilolezo cha oyang'anira, ndipo kumanda kapena m'nkhalango ya mudzi yambani mwapempha kwa amfumu. Zitsanzo zanu zikhoza kukayerekezedwa ndi zimene zimasungidwa ku National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba. Mtengo umene mwaupeza wopanda duwa kapena chipatso muupatse nambala ndi kuuika pamapu a kalabu, kenaka mudzabwerereko pakati pa Okutobala ndi Disembala, pamene mitengo yambiri ya kuno imachita maluwa.